Mwini Maliro a Mdala Terence

Ine ndine Overtone Chiwaula. Ngati munadyapo ukwati wa Mmalawi ku Leeds, ku Wakefield kapena ku Manchester, dziwani kuti munakhalira mpando wanga. Tebulo limene munaikapo mbale linali langa, ndipo vani imene inabweretsa zonsezo ili ndi dzina langa m'mbali mwake, zilembo zikuluzikulu zagolide. Ndinafika m'dziko lino ndi kachikwama kamodzi ndi jekete yobwereka. Ndisanafike kuno ndinali nditagulitsapo nsapato ku Joni, ndinasenzapo matumba a simenti ku Beira, ndinatsukapo mbale m'sitima yapamadzi mpaka kukafika ku Lisbon. Ku Wakefield ndinayambira m'nyumba yosungiramo katundu, kulongedza makatoni mpaka zala kuuma gwa. Lero anthu amalongedza makatoni anga. Ndaona anthu amitundumitundu, abale anga, anzeru ndi opepera omwe. Koma mtundu umene unandisiya kukamwa kuli yasa ndinaupeza ku Manchester. Amatchedwa maanakisiti.

Maanakisiti ndi anthu amene amati pasakhale boma, pasakhale polisi, pasakhale bwana, pasakhale aliyense wouza mnzake chochita. Ambiri amene ndinawaona ine anali ana a anthu osasowa kanthu, ophunzira mpaka kuyunivesite, koma ovala ngati angopulumuka m'nyumba yopsa. Gulu lina la iwowa linkachititsa msika wa mabuku kamodzi pa chaka. Ankabwereka holo, n'kuyala mabuku, timapepala, mabaji ndi malaya akuda, kenako n'kumakangana mpaka dzuwa kulowa. Mabuku amafuna matebulo. Matebulo ali ndi ine. Umu ndi mmene tinadziwanirana.

Ndinayamba kuwaperekera matebulo mu 2011, ndipo ndisaname, chaka chimenecho anali ndi moto. Ophunzira anali atakwiya ndi kukwera kwa fizi, masitolo ena m'tauni anali atathyoledwa miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo mnyamata aliyense wa ndevu ankakhulupirira kuti boma ligwa Khirisimasi isanafike. Holo inadzaza mpaka anthu ena anaimirira pamasitepe. Dalaivala wanga Friday, chimunthu chachitali cha ku Chipata, anachita kubwerera ku Wakefield kukatenga matebulo ena. Munali agalu omangidwa zingwe zakutha, ana osapesa, mbendera zakuda ndi zofiira pakhoma lililonse, ndi fungo la nyemba zopanda mafuta, chifukwa nyama sadya.

Pa khamu lonselo la anthu ofuna kumasula antchito a dziko lonse lapansi, amene anatuluka panja kudzatithandiza kutsitsa matebulo anali mmodzi yekha. Mdala wamfupi, wa imvi, wa zala zothimbirira ndi inki yakalekale. Dzina lawo linali Terence. Kwawo kunali ku Liverpool, kumene anagwira ntchito yosindikiza mabuku mpaka makina atsopano anawalanda ntchitoyo. Kuyambira pamenepo ankasindikiza timapepala ta gululi kwaulere pa kamakina kawo kakale.

"Inu ndiye mwini mavaniwa?" anandifunsa, tebulo lili paphewa.

"Ndine amene, mdala. Bwana Overtone."

"Bwana! Chabwino, Bwana Overtone. Tsiku lathu likadzafika, mavani onsewa tidzakulandani."

"Mudzalande. Koma adzayendetsa ndani? Mudzayamba mwakhala pansi mlungu wathunthu kukambirana ngati chiwongolero chili ndi ufulu wolamula matayala."

Anaseka mpaka kutsokomola, tebulo osalitsitsa. Kuyambira chaka chimenecho, ndikangotsegula chitseko cha vani ndinkamva mawu awo kumbuyo kwanga: "Bwana Overtone, sitinakulandenibe?" Ankandibweretsera tiyi m'fulasiki ndi kabuku kamodzi koti ndikawerenge. Tiyi ndinkamwa. Kabukuko ndinkakapinda n'kuchirikizira mwendo wa tebulo logwedera, iwo akuona.

"Bola kakugwira ntchito," ankatero. "Ambiri muno mabuku awo sanachirikizepo kanthu."

Tsiku lina, titakhala pakhomo la vani, ndinawafunsa kuti chiphunzitso chawochi chimati chiyani kwenikweni, poti ana awa akayamba kufotokoza ine mutu umandiwawa.

"N'chachifupi," anatero. "Ukaona chinthu chofunika kuchitika, usapemphe chilolezo. Chita."

"Ndiye kuti anakisiti wamkulu ku Yorkshire konse ndine."

"Mukanakhala inu, mukanangomuwonjezera Friday malipiro."

"Auzeni, mdala, auzeni!" anakuwa Friday ali m'kati mwa vani.

Tsopano mumve mmene anthuwa amagwirizanirana zinthu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Poti alibe wapampando, amakhala mozungulira, ena pansi penipeni ngati ana a sukulu ya mkaka. Savota, akuti voti imapondereza ochepa. Wina akanena mfundo, ogwirizana nayo amakweza manja n'kumagwedeza zala m'mwamba ngati akuumitsa utoto wa m'zikhadabo. Koma munthu mmodzi yekha akapingasa mikono pachifuwa, basi, mfundoyo yafa. Holo yonse ifune, mmodzi apingase, palibe chichitike. Ndinaonapo ndi maso angawa msonkhano wofuna kutsegula zenera ukutha zeneralo lili chitsekere, anthu thukuta lili kamukamu.

Katswiri wopingasa anali Nathaniel, mnyamata wamtali ngati mlongoti, amene ankaphunzira digiri yosatha, bambo ake ali ndi chinyumba cha mpanda wa maluwa kunja kwa mzinda. Sindinamuonepo atanyamula ngakhale mpando umene wakhalira yekha. Amene ankandiimbira foni chaka ndi chaka anali Fiona, mayi wofatsa wogwira ntchito mulaibulale. Iyeyu ndiye ankabwereka holo, kusunga makiyi ndi kusesa anthu akapita, koma foni iliyonse ankayamba ndi kupepesa kuti, "Musandione ngati mtsogoleri, ine ndangotumidwa."

Kugwa kwa gululi ine ndinakuyeza ndi matebulo. Poyamba ankafuna mavani awiri odzaza. Patapita zaka zochepa, vani imodzi inkakwana. Boma silinagwe. Anyamata a ndevu aja anameta n'kupeza ntchito m'maofesi. Ena analowa chipani n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha mavoti omwe aja ankawanyoza. Otsalawo, posowa mdani wowayankha, anatembenukirana okhaokha. Chaka china anamenyana ndi timapepala kumaso chifukwa cha mkangano umene unayambira ku London, ndipo ngakhale Fiona analephera kundifotokozera mutu wake. Chaka chotsatira anandipempha kuti pakati pa chipinda ndiike tebulo lopanda kanthu, kuti a mbali iyi asayandikane ndi a mbali iyo. Tamvani! Anthu okana malire a mayiko, kundiitana ine, munthu wodutsa malire ambiri kuposa onsewo, kuti ndidzawaikire malire. Ndinawaikira, tebulo labwino ndithu. Mdala Terence okha ndi amene ankadutsa mbali zonse ziwiri ndi fulasiki yawo, ndipo ankasindikizira onse.

Pofika 2018 msikawo unali utathawira m'chipinda chapansi pa tchalitchi chakale, monunkha chinyontho. Matebulo sanadzaze ngakhale theka la vani. Tinafika m'mawa mvula ikuwaza. Ndinatsegula chitseko cha vani n'kudikira mawu aja. Kunali zii. Tinatsitsa tokha, ine ndi Friday, ndipo nditamuona Fiona ndinamuimitsa.

"Mdala wanga ali kuti? Ayamba ulesi ngati inu nomwe?"

Anayang'ana pansi. "Simunamve? Terence anamwalira. Anamupeza m'nyumba mwake ku Liverpool mwezi watha."

Ndinatsamiritsa tebulo kukhoma. "Mwezi watha? Ndiye munawaika kuti?"

"Sanaikidwebe. Ali kumochale. Analibe mkazi, analibe ana, mchemwali wake anamwalira kale. A khansolo akuti ngati sipapezeka munthu wotenga udindo, achita okha mlungu ukubwerawu."

"Okha bwanji?"

"Amatenga thupi n'kukaliwotcha pa nthawi imene iwo asankha. Kawirikawiri sipakhala munthu woperekeza."

Ndinayang'ana m'chipindamo. Wina anali kuyala mabuku, wina akukoleka mbendera, atsikana awiri akuseka ndi zimene zinali pafoni. Kwathu munthu akamwalira timaika masamba pamsewu, ndipo minibasi ngakhale yothamanga bwanji imachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Kuno munthu wawo, amene anayamba kuwasindikizira timapepala ambiri a iwo asanabadwe, wagona mufiriji mwezi wathunthu, iwo ali pakalikiliki kusanja mabaji.

"Tikambirana lero lomwe," anatero Fiona mofulumira. "Taikonzera nthawi masana ano, ikangotha nkhani yokonza njinga."

Friday anandiyang'ana. "Bwana, anthu awa ni ofunta."

Sindinamutsutse.

M'misonkhano yawo sindinkalowamo, koma tsiku limenelo ndinalowa, suti yabuluu, nsapato zonyezimira. Ndinakhala pampando wanga womwe, chifukwa munthu wa msinkhu wanga sakhala pasimenti. Fiona anayamba bwino. Anati iye apita Lolemba ku khansolo kukanena kuti gulu likutenga udindo woika mnzawo. Zala zinagwedezeka m'mwamba chipinda chonse, ndipo ndinati mumtima, kani anthuwa mitu ilipo. Kenako ndinaona mikono yaitali ija ikukwera pang'onopang'ono.

"Munthu mmodzi sangaimire gulu," anatero Nathaniel, atapingasa. "Lero aimira pamaliro, mawa ndi mtsogoleri. Komanso kukagwada ku ofesi ya boma kupempha thupi la mnzathu n'kuvomereza kuti thupilo ndi la boma."

Wina anati ndiye apite onse pamodzi. Mtsikana wa tsitsi lobiriwira anapingasa, akuti sangayende msewu umodzi ndi a tsidya lina la tebulo lija. Wa tsidya linalo anati asanalemekeze Terence ayambe aunika mbiri yake, poti ankasindikizira mbali zonse ziwiri, ndiye kuti analibe mbali. Wina anati kuwotcha kumaipitsa mpweya. Wina anati kukwirira kumadya malo, ndipo malo si a munthu. Wina anati bokosi likhale la katoni. Potsiriza wina anati pakhale kakomiti kapadera koti kaunike zonsezi n'kudzapereka maganizo ake mwezi wamawa. Zala zonse m'mwamba, nkhope zili mwee, ngati agwira ntchito yaikulu.

Mwezi wamawa! Mdala akanakhala atasanduka phulusa kalekale, popanda ngakhale galu woperekeza.

Ndinakweza dzanja. "Pepani, ndingofunsa. Mwini maliro ndani pano?"

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo cha mbalame. Ndinawafotokozera bwinobwino, poti Chingerezi changa n'chosalala, ndinachinolera m'madoko atatu. Ndinati kwathu maliro alionse amakhala ndi mwini wake. Ndiye amene amaimirira n'kunena kuti manda akumbidwe apa, bokosi lichokere uko, tinyamuka nthawi yakuti. Ena onse amalira, iye amalira akuyenda.

"Munthu alibe mwini," anatero Nathaniel. "Maganizo amenewo ndi a eni chuma."

Ndiye panabuka nkhani ina, yokhudza ine. Wa tsitsi lobiriwira anati popeza ndine munthu wakuda wochokera kunja, mawu anga ayenera kumveka koyamba, ndipo azungu onse akhale chete. Nathaniel anati ayi, ameneyu ndi bwana, amalemba anthu ntchito, m'bwalo muno sayenera kulankhula n'komwe. Wina anati afunse kaye Friday mmene akumvera. Anakangana za ine, ine ndili pomwepo, ngati mbuzi ya pamsika imene ogula sakugwirizana ngati ndi yonenepa. Dzina la Terence silinamvekenso.

Amati mutu umodzi susenza denga. N'zoona. Koma tsiku limenelo ndinaona mitu yodzaza chipinda ikulephera kusenza bokosi limodzi.

Ndinaimirira n'kumanga batani la jekete.

"Ana inu, ndamva. Ndayenda mayiko ambiri. Ndaona osauka a ku Beira akuika mnzawo m'bokosi la matabwa a makatoni a nsomba, koma anamuika, akuimba. Inu mukufuna kulanda dziko lonse, koma thupi la mnzanu mmodzi likukukanikani kukatenga kumochale. Ndiye imvani. Mwini maliro ndine."

Nathaniel anapingasa mwamphamvu mpaka zigongono zinayera.

"Pingasa mpaka ikomoke, mphwanga," ndinatero. "Ine si wa gulu lanu. Mikono yakoyo imaimitsa msonkhano, siimitsa vani. Mdala amene ukumusiya mufirijiyo anandiphunzitsa kuti chinthu chikafunika kuchitika sapempha chilolezo. Tsiku la maliro ndimuuza Fiona. Wofuna abwere. Matebulo anga ndiwapeze opinda."

Sindinawapeze opinda.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga Edwina atangofika kuchokera kushifiti, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Edwina ndi nesi, ndipo m'nyumba mwathu ndiye boma limene silidzagwa. Ndinamufotokozera zonse.

"Bambo a Luso, mwatola maliro a mzungu pamsewu ngati chikwama?"

"Mzungu wake ndi mdala uja wa tiyi, mayi a Luso. Uja ankakutumizirani uchi."

"Ankapemphera kuti?"

"Sankapemphera. Ankati kumwamba kulibe bwana."

"Zimenezo akadzionera okha. Koma munthu sagona mufiriji ngati nkhuku. Achibale?"

"Palibe. Koma tigwirizane: abusa ayi, ulaliki ayi. Ankadana nazo, ndipo sindingawachite chipongwe atagona."

"Abusa asiyeni, nawonso ali ndi mashifiti. Koma pakamwa pa amayi simutseka. Maliro opanda nyimbo n'kutaya zinyalala. Tandipatsirani foniyo."

Mapazi akadali m'beseni, anayamba kuimbira anzake a ku Leeds, a ku Manchester, a ku Liverpool komweko. Aliyense ankafunsa kuti womwalirayo ndi wa kuti kumudzi. Edwina ankangoti, "Ndi wa bambo a Luso," ndipo palibe anafunsanso kawiri.

Lolemba ndinali ku Liverpool. Mayi wa ku khansolo, waulemu wake, anandifunsa kuti ndine ndani wawo wa malemuwo.

"Ndine mwini maliro," ndinatero. "Tinkanyamula limodzi matebulo."

Anayang'ana suti, anayang'ana nkhope, n'kunena kuti wasangalala kuti papezeka munthu. Nkhani imene inakanika msonkhano wathunthu inatha tiyi amene anandipatsa asanazizire. Ndinasankha manda, osati moto, chifukwa mdala anandiuzapo kuti makolo awo anagona m'manda ena a kumpoto kwa mzindawo, ndipo ndinapeza malo komweko. Bokosi ndinasankha la matabwa enieni, la zogwirira zonyezimira. Katoni ndimalongedzeramo mbale.

Tsiku la maliro kunali mphepo yochokera kumtsinje, yolowa mpaka m'mafupa. Mavani anga anatsitsa amayi a ku Wakefield ndi ku Leeds, zitenje atamanga pamwamba pa majasi. Manesi ena anabwera molunjika kuchokera kuntchito, maso ali psuu. Kunabwera abambo a masuti, akauntanti, aphunzitsi, anthu oti dzina la Terence analimva koyamba pafoni ya Edwina. Fiona anali ataimbira madala ena amene ankagwira ntchito ndi malemu kosindikiza mabuku, ndipo anafika ndi ndodo zawo, akudabwa kuti khamu la anthu akuda lonseli mnzawo analipeza kuti. Fiona mwiniwake anabwera atapinda mbendera yakuda ndi yofiira m'khwapa. Maanakisiti ena ochepa anabweranso, n'kuima timagulu tiwiri, mpata pakati, ngati tebulo langa lija alinyamula m'mitu.

Pageti pa manda panaima Nathaniel, akugawa timapepala tonena kuti maliro a mnzawo alandidwa ndi bwana ndi chipembedzo. Amayi ankalandira mwaulemu ndi manja awiri, poganiza kuti ndi pulogalamu.

A kampani yoika maliro anatulutsa kangolo ka matayala koti akankhirepo bokosi. Ndinakana. Munthu amene anasenza matebulo anga paphewa zaka zonsezo sangapite kumanda pa wilibala. Koma apa panabuka vuto. Ine monga mwini maliro sindinyamula, ndimatsogolera. Madala a ku Liverpool aja ngakhale ndodo zawo zinkawalemera. Abambo athu anadzipereka, koma Amalawi ambiri Mulungu anatipimira msinkhu mosamala, ndipo Friday, amene anagwira kumbuyo, anawaposa onse ndi mutu wathunthu. Atakweza, bokosi linapendekeka moopsa, amayi anakuwa, ndipo analitsitsanso msanga. Friday anakana kuchoka. Anati mdala ameneyu ndi yekhayo amene anamunenerapo za malipiro, ndipo amunyamula basi. Pankafunika munthu wina wamtali wofanana naye.

Tonse tinatembenukira kugeti.

Edwina sanadikire kuti ndilankhule. Anakonza chitenje chake n'kupita.

"Iwe mwana, dzina lako ndani?"

"Nathaniel."

"Dzina labwinobwino la m'Baibulo. Bweretsa mapepalawo." Anawalanda n'kuwaponya m'chikwama chake. "Tiye."

"Mayi, ine sindikugwirizana ndi mmene mwambowu..."

"Sindinakufunse. Odwala anga nawonso sagwirizana ndi jakisoni. Tiye."

Anamukoka pamkono mpaka pabokosi. Ndinaona mikono ija ikuyamba kukwera kupita pachifuwa, koma Friday anali atawerama kale. "Kwezani!" anakuwa, ndipo ngodya ya bokosi inatera paphewa la Nathaniel. Munthu amene wasenza bokosi sangapingase mikono, abale anga. Akapingasa, mnzake agwa. Anagwira. Nkhope inafiira, koma anagwira, ndipo bokosi linayenda mowongoka ngati lili pamadzi.

Amayi anayamba nyimbo. Inu mukudziwa mmene amayi athu amaimbira akamaperekeza munthu, mmodzi kutsogolera, ena kulandira pansipansi. Manda a ku Liverpool aja sanamvepo zotero. Mdala wina wa ndodo anavula chipewa n'kuyamba kulira ngati mwana, osamva ngakhale liwu limodzi la nyimboyo. Wa tsitsi lobiriwira uja ndinamuona akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi.

Pamanda ndinalankhula ine. Ulaliki panalibe, monga ndinalonjezera. Ndinanena mbiri ya malemu m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndipo anthu amanenabe mpaka lero kuti mawu ngati amenewo sanawamvepo pamaliro alionse kumpoto kuno. Ndinati munthu uyu sankakhulupirira mabwana, koma bwana mmodzi amene anamudziwa wabwera kudzamuika. Ndinati ankafuna kundilanda mavani, ndipo lero wawalanda onse, aima pageti chifukwa cha iye. Anthu anaseka akulira.

Bokosi litatsika, azungu aja anaponya kadothi kamodzikamodzi n'kuyamba kutembenuka. Kunotu mwambo wawo ndi wotero: amasiya dzenje lili pululu, n'kupita kukamwa tiyi, ndipo thalakitala imadzakwirira anthu atachoka. Ndinaiona itaima patali kuseri kwa mitengo, woyendetsa akudikira. Ife sitisiya munthu wathu pamtunda. Ndinali nditagwirizana kale ndi oyang'anira manda, ndipo mafosholo anali m'vani. Abambo anavula majekete n'kupatsira akazi awo.

Friday asanaponye fosholo yoyamba, Fiona anandigwira mkono.

"Mbendera iyi," anatero. "Terence anaisoka yekha kalekale. Sindikudziwa ngati ipite naye kapena isungidwe."

Mawuwo asanathe, ndinaona timagulu tiwiri tija tikuyandikira, tikuyamba kupanga bwalo m'mphepete mwa dzenje. Nathaniel, akusisita phewa, anatsegula pakamwa.

"Ndikuganiza kuti tiyambe tamva maganizo a aliyense, chifukwa mbenderayo kwenikweni ndi ya..."

"Fiona," ndinatero, "iweyo ukufuna ipite nawo?"

"Ndikufuna."

"Ponya."

Anaponya. Inatambasuka yokha m'mwamba n'kugwera pabokosi, chofiira kumutu, chakuda kumiyendo. Friday anathira dothi pomwepo, ndipo nkhani inatha.

Tinakwirira mosinthanasinthana, amayi akuimba. Mwamuna akatopa ankapatsira fosholo amene waima pafupi, osayang'ana kuti ndi wa mbali iti ya tebulo. Maanakisiti anagwira nawo, chifukwa kukana fosholo amayi a zitenje akukuyang'ana kumafuna mtima umene iwo alibe. Nathaniel anaigwira ngati supuni, dothi lambiri linkagwera pansapato zake, ndipo anatuluka matuza asanaponye kangati n'komwe. Anawaonetsa kwa Edwina. Edwina anawayang'ana monga nesi n'kumuuza kuti sanaonepo munthu atafa ndi ntchito yoyamba. Tinachoka dothi litakwera mulu, nkhata za amayi zili pamwamba, thalakitala itabwerera osagwira ntchito.

Chaka chotsatira Fiona anandiimbira, n'kuyamba ndi kupepesa monga mwa masiku onse. Anati matebulo safunika. Sanagwirizane za tsiku la msika, ndipo kakomiti kounika nkhaniyo kanagawikana pawiri. Ndinamuuza kuti akadzagwirizana adzandipeza, mavani akuchulukirachulukira.

Mwala wa pamanda ndinaika ine, ndipo za mawu olembapo sindinaitanitse msonkhano. Ndikapita ku Liverpool ndi katundu ndimapatukirako kukazula udzu. Pamwalapo pali dzina lawo, zaka zawo, ndi mzere umodzi m'Chichewa, umene azungu odutsa amaima n'kumayesa kuutchula: Ankanyamula nawo.